Mmene nkhaka inawabera ababa pasikelo

Ababa anga anakalamba akuyeza katundu wa anthu ena. Ntchito yawo inali kudepoti ya kampani yogula mbewu, kumene ankakhala pakhomo la shedi ndi chisikelo chachitsulo, alimi atafola ndi matumba awo mpaka kumsewu. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense, ngakhale mwana woti mano sanathe kumera, ankangoti a Sikelo, iwo n'kumavomera bwinobwino. Amayi okha ndi amene ankawaitana kuti "bambo", ndipo akawapsera mtima ankati "abambo inu".

Munthu ameneyu sakhulupirira chinthu asanachinyamule. Ukawapatsa mphatso, asanathokoze amayamba aitukula m'dzanja, kuitsitsa, kuitukulanso, maso ali kudenga. Mdzukulu wawo woyamba atabadwa, mwana wa achimwene anga, anthu tonse tikulimbirana kuti mphuno ndi ya uje, chipumi ndi cha uje, iwo anangomunyamula n'kunena kuti, "Uyu ndi wokwana, sanatibere." Alamu anga, amake mwanayo, sanawalankhule tsiku lonse.

Atapuma pantchito anzawo anawatsanzika ndi kasikelo ka patebulo, ka mbale ziwiri ndi timiyala take tamkuwa. Anakaika pamwamba pa kabati pabalaza, n'kumakapukuta fumbi, ndipo mwana aliyense wokakhudza ankaona zakuda.

Ine ndine mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Ndimaluka tsitsi m'saluni ya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo anthu amati pakamwa ndinatengera amayi. Sindikana ayi.

Tsono amayiwo bondo linawayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankangoti likulira akamakwera masitepe. Kenako anasiya kupita kumsika, kenako kwa anzawo, mapeto ake dziko lawo lonse linangotsala mpando wa pazenera, bedi ndi kanjira kopita kubafa, komwenso ankachita kugwira khoma. Amayi anga ndi athupi, ndipo kukhala pansi kuja kunangowonjezera. Mayi woti kale ankakolopa nyumba yonse tambala asanatsike, tsopano ankachita kupempha kapu ya madzi. Zinkandiwawa, abale inu, moti nthawi zina ndinkathawira kusaluni msanga kuti ndisaone.

Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti bondolo latha, likufunika opaleshoni. Koma dokotala wa mafupa sakhala pachipatala chathu, amachita kubwera nyengo yozizira ikamayamba, ndipo ukamuphonya udikira chaka chinacho. Namwino wake, mayi wamfupi wa magalasi apamphuno, anatiuza kuti pali zinthu ziwiri zoti zikonzeke dokotalayo asanafike. Thupi litsike kuti bondo latsopano lisalemedwe. Magazi, omwe anali ocheperapo, akwere, chifukwa munthu wopanda magazi samugoneka patebulo.

"Achepetse mafuta ndi shuga, azidya masamba ambiri," anatero namwinoyo, ali mkati moitana kale wodwala wina.

Ababa anagwedeza mutu ngati alandira lamulo la abwana. Tikutuluka anandiuza kuti, "Iwe zipita kuntchito kwako. Amayi akowa ndawatenga ine."

Ndinaseka mpaka anthu kucheuka. Ababa? Munthu woti sankadziwa kuti anyezi amasendedwa? Koma anali atanena, ndipo mawa lake m'mawa ananyamula chikwama cha amayi chogulira zinthu, ulendo wa kumsika, atavala jekete ngati akupita kuofesi.

Pamsikapo pali mayi wina wa masamba amene amayi akhala akugulako kuyambira ine ndili kumsana. Atamva za bondo lija anawasankhira ababa chimtolo cha mpiru ndi china cha sipinachi, zobiriwira kuti bii. Ababa anatukula mtolo uja m'dzanja, nkhope n'kugwa.

"Mayi, mukundigulitsa mphepo?"

"Tengani, a Sikelo, awa ndiwo masamba a magazi."

Anatenga mwamanyazi chabe. Atafika kunyumba anathira zonse m'poto wamkulu, madzi tho, n'kuvundikira, n'kupita kukamvera nkhani pawailesi. Pobwerera anapeza chimtolo chija chasanduka kanthu kakuda pansi pa poto, kokwana m'supuni ziwiri. Ine ndinali nditangolowa kudzatenga chakudya chamasana.

"Iwe, ndani wadya masamba a amayi ako?"

"Aa, ababa! Masamba amatero akapsa."

"Amatero bwanji? Ndathira poto wodzaza ine."

Anayang'ana m'poto, anayang'ana ine, anasuzumira mpaka pansi pa sitovu. Mlandu unathera pomwepo: masamba a mtundu umenewo ndi akuba, amaoneka ambiri pamsika, akafika pakhomo n'kuthawa. Kuyambira tsiku limenelo ababa ankagula ndi dzanja. Nkhaka inawasangalatsa, chifukwa ukaitukula umamva kuti wanyamula chinthu, ndipo ukaidula imakhalabe yomweyo. Kabichi woyera, wolimba gwa ngati mwala, ankachita kumusisita. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: chinthu cholemera muli chakudya, chopepuka muli bodza. Nyemba, mazira ndi nsomba anazichotsa pamndandanda wa amayi, ati n'zonenepetsa. Mayi wa masamba uja atayesa kuwalangiza, anamuuza kuti iwo ayeza mbewu zaka zambiri kuposa zimene iye wakhala ndi moyo.

Ndiye amayi anayamba moyo wa nkhaka. M'mawa nkhaka ndi tiyi wopanda shuga. Masana kabichi wowiritsa mpaka kuyera, ndi kampunga kapang'ono. Madzulo nkhaka inanso, yodulidwa mwaulemu, yoyalidwa m'mbale ngati maluwa.

"Abambo inu, kodi munakwatira mbuzi?"

"Idyani, mayi. Mbale imeneyi ndaiyeza ndekha, ndi yolemera kuposa ya dzulo."

Ine ndinalankhula, musaganize kuti ndinangokhala. Ndinati munthu sangakhale ndi moyo ndi nkhaka. Anandiyankha kuti ndikaluke tsitsi. Ndinati tikafunse kwa namwino. Anati namwino ananena masamba, nanga nkhaka ndi nyama? Amayi nawo, ndi pakamwa pawo ponse paja, ankangodya. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anayang'ana kukhitchini kumene ababa ankalimbana ndi mpeni, atamanga kansanza pachala.

"Taona mmene akuvutikiramu. Ndingakane bwanji?"

Koma ine ndinkaona kuti amayi akufooka. Ankagona masana ali pampando, nkhani ikadali pakamwa. Akadzuka kupita kubafa chizungulire chinkawagwira. Ababa ankati ndi thupi likutsika, zimatero.

Tsiku lokaonedwanso linakwana. Ababa anavala tayi. Namwino asanawakweze amayi pasikelo, ababawo anayamba awerama kuona ngati muvi wake uli pamalo pake, n'kuigogoda ndi chala. Amayi anakwera titawagwira uku ndi uku. Thupi linali litatsika ndithu, ndipo ababa anayang'ana anthu onse a pabenchi ngati awombe m'manja. Kenako namwino anabwera ndi zotsatira za magazi. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana amayi. Anawatsitsa chikope cham'munsi ndi chala, mkati mwake muli mbee.

"Magazi atsika kuposa poyamba paja. Mayiwa akudya chiyani?"

Ababa anafotokoza monyadira, osasiya kanthu. Namwino anavula magalasi.

"Bambo, nkhaka ndi madzi ovala khungu. Siyoipa, imadzaza mimba osanenepetsa, koma magazi simungawapezemo. Zikakhala chonchi dokotala akabwera sadzawakhudza mayiwa. Malo awo tidzapereka kwa wina."

Anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kutiuza tsiku lomaliza loyezanso. Ababa anawaika m'chikwama cha amayi, n'kuimirira. M'basi monse anangogwira chikwamacho pamiyendo. Titafika tinawakhazika amayi pampando wawo wa pazenera, ndipo iwo anausisita pamkono pake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Basi, bambo, musadzivute. Mwina mpando uno ndiye wanga."

Ababa anatuluka panja. Ndinawaona pazenera ataima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, atagwira m'chiuno, osachita kalikonse. Ndinali nditawakonzera mawu ambiri m'basi muja, akuthwa okhaokha. Ndinawameza onse.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka kumva timiyala tamkuwa tikulira patebulo lodyera. Kasikelo kaja kanali katatsika pakabati. Ababa anali atabwera kale kumsika ndi nkhaka, kabichi, karoti, mpiru ndi sipinachi, ndipo ankadula chilichonse mopyapyala, n'kumayeza kuti milu yonse ilemere chimodzimodzi.

"Ababa, mwayambanso chiyani?"

"Kutsutsa galu n'kukumba. Namwino uja akuti madzi. Tiona."

Ali mkati modula anandifotokozera zimene sindinkazidziwa za ntchito yawo. Ati kudepoti kuja kunali alimi ena ochenjera amene ankawaza madzi m'matumba dzulo lake, kuti mbewu zikalemere pasikelo. Kunja thumba louma bwinobwino, mkati chinyontho. Woyeza wachibwana ankalemba kulemera kwa madzi, pakapita masiku mbewu zija n'kuuma, thumba n'kupepuka, mlandu n'kugwera iye. Ababa ankapisa mkono m'thumba mpaka m'chigongono, ndipo akakayikira ankatapako pang'ono, kuyanika padzuwa, n'kuyezanso mwini wake akuona.

"Zaka zonse zija palibe anandidyetsa madzi, ngakhale mmodzi," anatero, n'kunyamula mathireyi awo kukayala padenga la bafa lakunja.

Masiku otsatirawo ababa anasanduka mlonda. Anaika mpando pabwalo, ndodo m'manja, kuthamangitsa mbalame ndi mphaka wa aneba. Mtambo ukangoti udutse ankakwera pandowa kukaphula mathireyi. Aneba anafunsa ngati a Sikelo ayamba using'anga. Amayi, omwe tsopano ndinkawaphikira ine nyemba ndi mazira ndisanapite kusaluni, ankangopukusa mutu pazenera.

Zitauma anazibweretsa patebulo n'kutiitana tonse awiri kuti tikhale mboni. Karoti anali atakwinyika koma analipo. Mpiru unali utauma kuti wayawaya, wodzaza dzanja. Nkhaka ija, mayo ine, inali itangotsala timapepala tomatirira pathireyi, toti anachita kupala ndi mpeni. Anaika nkhaka m'mbale imodzi ya sikelo, mpiru m'mbale inayo. Mbale ya mpiru inatsika mpaka kugunda tebulo. Anachotsa, anapukuta mbale zonse, anasinthanitsa mbali. Chimodzimodzi. Anayesa ndi sipinachi, anayesa ndi karoti, ngakhale kabichi yemwe anaiposa. Nkhaka inagonja kwa aliyense.

Ababa anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Alimi a dziko lonse analephera. Ndaberedwa ndi nkhaka."

Ine ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo chiseko chinabwerera. Anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, ndakhala ndikukudyetsani thumba lonyowa. Ine ndemwe. Pepani."

"Aa, bambo, inali yokoma," anatero amayi, bodza lankunkhuniza.

Tsiku lomwelo anakulunga zouma zija m'timapepala, ulendo kuchipatala, ine pambuyo kuopa kuti angakachite manyazi okha. Anadikira pamzere mpaka odwala onse anatha, kenako anayala katundu wawo padesiki ya namwino. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, koma anawakokera mpando.

Anawauza kuti sikelo yawo yanena zoona, koma yangonena za madzi basi. Za magazi aziyang'ana mtundu: masamba obiriwira kwambiri, monga mpiru, sipinachi ndi masamba a maungu, ndiwo ali patsogolo. Karoti ntchito yake yaikulu ndi maso ndi khungu. Tomato, tsabola wosawawa ndi madzi a ndimu paokha sizipanga magazi, koma zikadyedwa pamodzi ndi masamba aja zimathandiza thupi kutengamo zofunikazo. Kabichi ali pakati, si mfumu komanso si wakuba. Nyemba, mazira ndi nsomba zibwerere m'mbale msanga. Tiyi asamamwere chakudya kapena mapiritsi, azidikira kaye.

Ababa anamvetsera atatsamira kutsogolo. Kenako anafunsa funso limene ndinkalidziwa kuti libwera.

"Tsono zamagazi zimene mukuti zili m'masambazo, zimalemera bwanji?"

"Sikelo yanu singazione, bambo. N'zochepetsetsa."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti zilimo?"

"Mudzaonera pa akazi anu."

Sizinawakomere, ndinaona. Munthu amene moyo wake wonse sanalandirepo katundu wosayeza, lero auzidwe kuti angokhulupirira! Koma anaimirira, anathokoza, ndipo potuluka sanalowere kokwerera basi. Analunjika kumsika, kwa mayi wa masamba uja, n'kuvula chipewa.

"Mayi, safunsa anadya phula. Ndabwera kudzafunsa."

Mayiyo sanawakumbutse za kudzitama kwawo kuja, Mulungu amudalitse. Anangowaphunzitsa: kutsuka masamba asanadule, timadzi tochepa, tomato ndi kadontho ka mafuta, kuvundikira, kuphula akadali obiriwira, ndipo msuzi wake osataya. Za kuchepa m'poto anati asadandaule, chimathawa ndi madzi, chakudya chimatsala.

Kuyambira pamenepo tinaona zina. Ababa anayamba kugawa masamba m'magiredi ngati mbewu za kudepoti. Mpiru, sipinachi ndi masamba a maungu, giredi yoyamba. Karoti, tomato ndi tsabola, giredi yoyambanso koma ya shedi ina. Kabichi, yachiwiri. Letesi woyera uja wa m'masitolo atamva kuti nayenso ndi madzi okhaokha, anamuika pamodzi ndi nkhaka, ati ndi pachibale. Nkhakayo sanaithamangitse pakhomo, koma ankaipereka kwa amayi akadandaula njala pakati pa chakudya, ndipo poidula ankaiyang'ana ngati munthu amene anakuberapo koma munakhululukirana.

Vuto linali loti nzeru zimenezi sankazisunga. Mlendo aliyense wobwera kudzazonda amayi ankatuluka atamva za magiredi. Wokonza mapaipi anabwera kudzatseka podontha, anachoka atanyamula mtolo wa sipinachi. Tsiku lina anafika mpaka kusaluni kudzandipatsira makiyi, n'kupeza kasitomala wanga akudya nkhaka yothira mchere, ati akuchepetsa thupi. Ndinawaona akutsegula pakamwa.

"Ababa, chonde, pano ndi pantchito."

"Ndingomuuza pang'ono mwanayu."

Mtsikanayo, mutu uli m'manja mwanga, theka loluka theka losaluka, analibe kothawira. Anamva zonse, kuyambira alimi onyowetsa matumba.

Ndipo m'mawa uliwonse, asanapereke moni, ankapita pampando wa pazenera n'kuwatsitsa amayi chikope kuti aone mtundu wake.

"Abambo inu, mudzandikolowola diso!"

"Tayang'anani kumwamba, mayi. Ee, kwayamba kufiira."

Masabata oyamba ankanama, kunali koyera ndithu. Koma pang'onopang'ono amayi anasiya kugona masana. Anayambanso kundikalipira za mmene ndimapindira zovala, ndipo ndinadziwa kuti magazi akubwerera. Mapiritsi aja anagwira ntchito yaikulu, sindikana, koma musadzawauze ababa zimenezo.

Tsiku lomaliza loyeza, kunja kutayamba kale kuzizira, ababa sanavale tayi, ndipo sikelo ya chipatala sanaigogode. Anangokhala pabenchi atagwira chikwama cha amayi ndi manja awiri. Namwino atatuluka anawayang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Bambo, katundu wanu walandiridwa."

Ababa anangofinya chikwama chija. Amayi ndi amene anawagwira pabondo n'kunena kuti, "Tathokozani, nanga mwatani?"

Opaleshoni inachitika, ndipo inayenda bwino. Amayi anabwera kunyumba ndi chitsulo cha miyendo inayi choyendera, kenako anachisiya n'kutenga ndodo. Masitepe awo anali ochita kuwerenga, kuchoka pabedi kufika pakhomo la chipinda, mawa lake kufika pabalaza. Ababa anapitiriza kuphika, ndipo chilungamo chake, mpiru wawo unafika poti ine sindingaufikire.

Loweruka lina masana ndinali pabalaza ndikumasula tsitsi la mdzukulu uja, ababa ali kukhitchini. Ndinangoona amayi agwira ndodo, aimirira okha, osaitana munthu. Ndinati ndidzuke, anandiletsa ndi diso. Anadutsa pabalaza, anadutsa pakhonde, mpaka pakhomo la khitchini, kumene anali asanapondeko chaka chathunthu. Ine ndinatsatira mwakachetechete.

Ababa anali atapereka msana, akutakasa m'poto. Patebulo panali mbale ziwiri zopakula kale. Ya amayi inali ndi nsomba yathunthu, nyemba, ndi masamba mulu. Inayo inali ndi kampunga ndi msuzi wothira pamwamba. Amayi anaziyang'ana mbale zija nthawi yaitali. Kenako anasendera, anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kuwagwira ababa m'chiuno kuti atsamire. Dzanja lawo linaima pamenepo. Linakwera m'nthiti, kupapasa pamwamba pa malaya, n'kutsikanso palamba amene anali atabooledwa mabowo atsopano ndi msomali.

Ababa anacheuka, supuni ili m'manja.

"Mayi! Mwafika bwanji kuno? Mugwa!"

"Bambo, miyezi yonseyi inu mumadya chiyani?"

"Ndimadya, ndimalawa pophika pano."

Amayi anawalanda supuni ija. Anakoka mpando ndi mwendo wawo watsopanowo, n'kuwakankhira ababa pamenepo. Anatenga mbale ya nsomba ija n'kuwaikira patsogolo, anawonjezera masamba ena a m'poto, ndipo anakhala chiimire pambali pawo, dzanja lili paphewa.

"Mayi, khalani pansi, bondo."

"Ndakhala mokwanira. Idyani ndikuona."

Ababa anatenga foloko, koma asanaikhudze n'komwe nsombayo misozi inayamba kutsikira m'mbale. Amayi anawalanda folokoyo, n'kuyamba kuwachotsera minga ndi zala.